Mpopi Wouma wa kwa Mukhuna

Ana anga, Chifundo, Yamikani ndi iwe Tiyamike, mwakhala mukundiumiriza kuti ndilembe za ntchito yanga mutu usanayambe kutaya zinthu. Za ubwana wanga sindilembapo, mulibe kanthu: mbuzi, zipere ndi sukulu yoyenda wapansi. Ndilemba za madzi, chifukwa ndi amene anatidyetsa, komanso chifukwa muli nkhani imodzi imene ndakhala ndikuilambalala zaka zonsezi. Mukudziwa kale kuti bambo anu ndi a mtima wapachala. Chimene simukudziwa ndi chimene mtima umenewo unachita kwa munthu wina, munthu amene sanandilakwire kanthu.

Chaka changa choyamba, ku Likhubula

Ndinalembedwa ntchito ndili ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, m'bungwe loyang'anira madzi a m'mipope, aja otsika okha kuchokera m'phiri popanda injini. Ntchito yanga yoyamba inali yonyamula ndodo ya manambala. Bwana wanga, a Chirwa, anali munthu wakumpoto, wamtali, wosaseka wamba. Iwo ankaima pa levulo, kachipangizo ka miyendo itatu koyezera kukwera ndi kutsika kwa nthaka, ine n'kumathamanga ndi ndodo m'tchire, chitedze chikundiyabwa mpaka m'khwapa. Anthu onyamula katundu wa alendo okwera phiri ankandiseka akamadutsa, amvekere: "Ife timanyamula zikwama za azungu, inu mwanyamula mtengo umodzi koma thukuta ngati mwasenza mbuzi!" Ndinkakwiya, koma ndinalibe mpweya woyankhira.

A Chirwa anali ndi mawu amodzi amene ankabwereza tsiku lililonse. "Namalawe, madzi alibe ulemu. Sakwera chitunda ngakhale pamwamba pake patakhala nduna." Ntchito yathu yonse inagona pamenepo: kudziwa kuti mudzi uli m'munsi mwa poyambira madzi ndi mamita angati. Poyambira madzipo, pamene timatchinga mtsinje ndi kakhoma n'kulowetsa paipi yoyamba, tinkati pa inteki.

Tsiku loyamba kuyeza, a Chirwa anasankha mwala waukulu pambali pa inteki, natenga penti yofiira n'kulembapo 1000. Ine ndinali nditamva kusukulu kuti kutalika kwa malo amawerenga kuyambira pa nyanja ya mchere, ndiye ndinafunsa ngati mwalawo unalidi mamita chikwi kuchokera kunyanja.

"Nyanja waiona kuti kuno?" anatero a Chirwa. "Chizindikiro cha muyezo wa kunyanja chili kutali. Tiwononge sabata ziwiri kuchilondola, anthu akumwa matope? Tikayamba ndi ziro, manambala apita kunsi kwa ziro, anyamata inu musokonezeka. Ndiye timangoti chikwi. Mudzi ukatuluka mazana asanu ndi anayi, ndiye kuti madzi afika. Basi."

Mmenemo ndi mmene tinkagwirira ntchito, ndipo inali nzeru yabwino. Sikimu iliyonse, kutanthauza inteki imodzi ndi mapaipi ake ndi midzi yake, inali ndi mwala wakewake wolembedwa 1000. Wina unali m'munsi pafupi ndi minda ya tiyi, wina pamwamba pokomana ndi nkhungu, koma yonse inali chikwi. Sizinkavuta chifukwa madzi a sikimu imodzi sankakomana ndi a inzake. Gwiritsitsani nkhani ya miyalayi, ana anga, chifukwa ndi imene inadzandigwetsa.

Zaka za pakati, ku Boma

Nditagwira zaka zisanu ndi chimodzi anandisamutsira ku ofesi ya ku Boma kukajambula mapulani. A Chirwa anapuma, n'kubwera mabwana ena. Wina anali wabwino mtima koma woopa kusaina chilichonse. Wina ankabwera Lachiwiri n'kubwerera ku Blantyre Lachinayi, galimoto ya ofesi itadzaza zinanazi. Zosowa ndiye zinali chakudya chathu. Chaka china kunalibe guluu womatira mapaipi, anyamata ankatenthetsa kukamwa kwa paipi pamoto wa mapesi n'kulowetsa inzake. Chaka china kunalibe pepala lojambulira, ndinkajambula kuseri kwa makalendala akale. Petulo akasowa tinkakwera njinga zathu zomwe. Sindikudandaula. Mpopi ukalavula madzi koyamba m'mudzi, amayi n'kuyamba nthungululu, njala yonse inkaiwalika.

Kenako kunabwera kompyuta. Inabwera ndi anthu a pulojekiti ina, pamodzi ndi pulogalamu imene ukailembera mapaipi, kukula kwake, kutalika kwake ndi manambala a mitunda osonyeza kukwera ndi kutsika kwa nthaka, imakujambulira sikimu yonse n'kukuuza ngati madzi afike pa mpopi uliwonse, ndiponso afika ndi mphamvu yotani. Anzanga ankaiopa ngati idzawaluma. Ine ndinaikonda kuposa mmene munthu ayenera kukondera chinthu. Ndinatenga mabuku onse akale a a Chirwa, ena odyedwa ndi chiswe, n'kulowetsa nambala imodzi imodzi kwa zaka ziwiri. Poweruka ndinkaiphimba ndi nsalu ya patebulo imene mayi anu anaifunafuna mwezi wathunthu.

Kuyambira pamenepo ndinasanduka munthu wosalowa m'malo. Paipi ikaphulika, ankabwera kwa ine. Mudzi ukapempha mpopi, ankabwera kwa ine. Ngakhale mabwana ankagogoda asanalowe m'kachipinda kanga. Mipopi ndinkailemba ndi maina a anthu okhala pafupi nayo, mapaipi ndinkawalemba mu mainchesi monga tinazolowera, ndipo sikimu iliyonse inali ndi fayilo yake yoyambira pa chikwi chake. Pulogalamu yangayo inalibe malo olembapo kuti chikwicho chinayambira pati. Sindinaone vuto, poti ndinkadziwa ndine.

Chaka chimene Mayi Sitima anabwera

Nditatsala ndi zaka zitatu kuti ndipume, anatitumizira injiniya watsopano, Mayi Sitima. Anali wamng'ono kwa ine ndi zaka pafupifupi makumi awiri, wolankhula motsitsa, wovala nsapato za m'tchire ngakhale mu ofesi. Anawaika pamwamba panga. Ndinene mosabisa: zinandipweteka, ndipo ndinawada ndisanamve n'komwe mawu awo.

Nthawi imeneyo mapulogalamu anali atakwana atatu. Panali yanga ija. Kulikulu ankajambulira mapulani atsopano pa ina. Anthu otithandiza ndi mapaipi anali ndi yawonso yosungira mndandanda wa zipangizo. Zitatuzi sizinkamvana. Fayilo yanga ikapita kulikulu sinkatseguka, ikatseguka mainchesi ankasanduka mamilimita, paipi yonenepa ngati mwendo n'kuoneka ngati kaudzu. Ndiye munthu ankakhala pansi sabata zitatu kukopera manambala pamanja kuchoka pa kompyuta ina kupita pa ina, ndipo pokoperapo zolakwa zinkalowa.

Mayi Sitima anabwera ndi kabuku ka chikuto chobiriwira. Munali mgwirizano wa kalembedwe kamodzi ka mafayilo, kamene pulogalamu iliyonse ikhoza kulemba ndi kuwerenga. Iwo ankangoti muyezo umodzi. Anatiitanira msonkhano m'chipinda chachikulu n'kutifotokozera moleza mtima.

"Sindikunena kuti wina ataye pulogalamu yake," anatero. "Aliyense apitirize ndi imene anazolowera. Koma fayilo ikamatuluka pakhomo, ivale chovala chimodzi. Nambala iliyonse inene zinthu zitatu: ndi ya mamita kapena mainchesi, kuwerenga kunayambira pati, ndipo anailowetsa ndani. Zili ngati pa msika wa Chitakale. Wina akati ndowa ya nandolo, umayamba waona ndowayo, chifukwa ndowa zimasiyana."

Anthu anagwedeza mitu. Ine ndinaimirira ndisanapatsidwe mpata.

"Mayi, madzi akhala akutsika m'phiri muno zaka zonsezi opanda kabuku kobiriwira. Kodi tsopano ayamba kufunsa fomu asanalowe m'paipi?"

Chipinda chonse chinaseka, ine n'kumva kukoma. Mayi Sitima anadikira kuti phokoso lithe.

"A Namalawe, zimene zili m'mutu mwanu ndi chuma cha boma lino lonse. Ine ndikungofuna kuti tsiku limene mudzapume, chumacho chisadzapite nanu kumudzi."

Anandilemekeza, koma ine ndinamva ngati akundiyeza bokosi ndili moyo. Zoona zake n'zakuti ndinkaopa. Fayilo imene aliyense angathe kuitsegula inkatanthauza kuti palibe adzagogodenso pa kachipinda kanga.

Lachisanu lina, chaka chomwecho

Bwana wa nthawi imeneyo anagwirizana ndi Mayi Sitima, ndipo analamula kuti ndiyambe ndi mafayilo awiri: ya sikimu yaikulu yakale, ndi ya kasikimu kakang'ono ka kumtunda kamene kankamwetsa mudzi wa kwa Mukhuna ndi midzi ina yoyandikana nawo. Sanandiuze chifukwa chake, inenso sindinafunse. Ndinazengereza sabata ziwiri mwadala. Lachisanu masana bwana analowa, ulendo uno osagogoda, n'kunena kuti sindiweruka mpaka mafayilowo atatumizidwa.

Ndinakhala pansi mtima ukuwira. Panali kapulogalamu kosinthira mafayilo anga kuti alowe m'kalembedwe katsopano kaja. Mainchesi kanawasintha bwinobwino. Maina a mipopi kanawalandira. Kenako kanaima, n'kutulutsa mawu ofiira ofunsa kuti manambala a mitunda anayambira pati. Panali timabokosi tiwiri. Koyamba kankati pa nyanja ya mchere. Kachiwiri kankati pamalo ena, ndipo ukachonga kameneko unkayenera kulemba pamene pali malowo ndi kusiyana kwake ndi muyezo wa kunyanja. Kusiyanako sindinkakudziwa. Kuti ndikudziwe pankafunika kukwera phiri ndi levulo, ntchito ija a Chirwa anaikana kalekale.

Ndinayesa kudumpha funsolo katatu, katatu konse kanakana. Ndinamenya tebulo. Ndimakumbukira bwino lomwe zimene ndinaganiza: kamakina aka kakufuna kundiphunzitsa ntchito ine? Ndinachonga kabokosi koyamba pa fayilo yoyamba, n'kuchonganso pa yachiwiri. Mawu ofiira anasanduka obiriwira. Ndinatumiza, ndinaphimba kompyuta, n'kupita kukamwa tiyi. Ntchito yonseyo sinathe ngakhale mphindi imodzi.

Lolemba m'mawa Mayi Sitima anagogoda.

"Zikomo kwambiri a Namalawe, mafayilo atseguka bwinobwino. Ndangoti ndifunse chinthu chimodzi. Ndaona kuti onse awiri mwati manambala ake ndi oyambira kunyanja. Ndi momwemo?"

Apa ndi pamene ndikanangoti ayi. Liwu limodzi. Koma panali anyamata awiri m'chipindamo akumvetsera, ndipo ine ndinali munthu uja anaseketsa msonkhano.

"Mayi, ndinayamba kuyeza mitunda inu musanamere mano. Zimene ndalemba ndalemba."

"Pepani, sindimafuna kukukayikirani," anatero, n'kutseka chitseko pang'onopang'ono.

Amati safunsa anadya phula. Mayi Sitima anafunsa, koma phulalo ndinawadyetsa ndine.

Chilimwe cha ngalande

Patapita miyezi itatu ndinamva chimene mafayilo aja ankafunira. Kamtsinje ka kwa Mukhuna kankaphwa chilimwe chilichonse, mipopi n'kuuma kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa. Sikimu yaikulu inali ndi madzi otsala. Mayi Sitima anaika mafayilo awiri aja pamodzi m'pulogalamu ya kulikulu, chinthu chimene kale sichinkatheka, ndipo kompyuta inaonetsa kuti thanki ya kwa Mukhuna ili m'munsi mwa inteki ya sikimu yaikulu ndi mamita makumi anayi. Ndiye kunali kungolumikiza ndi paipi imodzi yaitali, madzi n'kutsika okha.

Nditangoona pulaniyo ndinazindikira cholakwa changa. Kompyuta inkaona miyala iwiri yolembedwa 1000 n'kumati ili pa msinkhu umodzi, poti ndinaiuza kuti yonse inayambira kunyanja. Koma ine ndinali nditakwera ku miyala yonse iwiri ndi miyendo yangayi. Wa kasikimu kakang'ono unali pamwamba kwambiri, kumene umafika makutu atatseka. Mamita makumi anayi aja anali ochokera pa mwala wapamwambawo, osati wa sikimu yaikulu.

Mayi Sitima sanali munthu wongokhulupirira kompyuta. Anapempha levulo ndi galimoto kuti akayeze njira yonse asanayambe kukumba. Levulo yathu inali itapita ku Blantyre kukakonzedwa chaka chapitacho ndipo sinabwerenso. Bwana anati mapaipi afika kale, mvula ili pafupi, ndiponso manambala ndi a Namalawe, munthu amene sanalakwitsepo. Ndinali pomwepo akunena zimenezo. Ndinayang'ana pansi. Mumtima ndinkadzinyengerera kuti mwina kusiyana kwa miyalayo n'kochepa, mwina madzi adzafika ndithu ngakhale mofooka.

Ngalande anakumba ndi anthu a kwa Mukhuna eni ake, monga mwa mwambo wa ntchito zathu: bungwe limabweretsa mapaipi, mudzi umabweretsa manja. Banja lililonse linapatsidwa gawo lake. Ambiri anali amayi, chifukwa abambo anali ku minda ya tiyi. Anakumba miyezi iwiri, nthaka ya chilimwe youma gwa, pena n'kumaswa miyala ndi moto ndi madzi. Anamanganso mpopi watsopano pakati pa mudzi, wa simenti yosalala bwino.

Tinali ndi pulambala wachikulire, a Waliwa, amene anagwira ntchito ndi ine kuyambira ku Likhubula. Sanapite patali ndi sukulu, koma mapaipi ankawadziwa ngati ana awo. Tsiku lina tikuyendera ngalandeyo anandikokera pambali.

"Bwana, ine kompyuta sindiidziwa. Koma mawondo angawa akuti tikukwera. Chichokereni kumunsi kuja ine ndikungopuma befuu. Nde madziwo adzakwera bwanji, ali ndi miyendo?"

"Njira imakwera n'kutsika, a Waliwa. Kompyuta yawerengera zonse."

"Ehe. Kompyutayo inayamba yafikako kuno?"

"Lumikizani mapaipi, zinazo si zanu!"

A Waliwa anangotola sipanala yawo. Uwu unali mpata wanga wachitatu, ndipo ndinautaya mokalipa ngati woyamba uja.

Tsiku lotsegulira, ndi sabata zotsatira

Anthu anasonkhana pa mpopi watsopano atavala za kutchalitchi. Kwaya inaimba. Amayi anandandalika ndowa mzere wautali mpaka kuseri kwa nyumba. A Waliwa anatsegula valavu yolowetsa madzi m'paipi kumunsi m'mawa kwambiri kuti pofika masana madzi akhale atadzaza thanki. Mayi Sitima anapotokola mpopi. Unatulutsa mpweya, fwiii, kenako zii. Tinati mwina ndi mpweya wotsekeredwa m'paipi, tidikire. Tinadikira mpaka dzuwa kupendeka. Amayi anayamba kutola ndowa zawo mmodzimmodzi osalankhula, n'kulowera njira yakale ya kudambo. Kukhala chete kumeneko ndimakumvabe.

Masiku atatu a Waliwa analondola paipiyo akuiboola pang'ono kuti aone pamene madzi afika. Anawapeza ataima m'paipi pa chitunda china, mudzi ukuonekera patsogolo. Sakanapitirira. Thanki ya kwa Mukhuna inali pamwamba pa inteki imene inkayenera kuidyetsa.

Kunabwera akuluakulu atatu ochokera kulikulu kudzafufuza. Anatiitana m'chipinda chachikulu chomwe chija. Ndinali nditatsala ndi chaka chimodzi ndi theka kuti ndipume. Iwe Tiyamike unali utangolandira kalata yokuitana ku koleji. Ndinkadziwa kuti munthu wonama pa fayilo ya ntchito amachotsedwa, ndipo amachoka chimanjamanja. Wapampando ananditembenukira.

"A Namalawe, manambala anu ali bwino?"

"Manambala anga sanalakwepo, bwana. Mukhoza kukayeza mudzi uliwonse kuchokera pa inteki yake."

Zinali zoona, ndipo linali bodza loipa kuposa onse amene ndinanenapo. Sanandifunse za kabokosi, poti akuluakuluwo kalembedwe katsopanoko sankakadziwa. Anatembenukira kwa Mayi Sitima. Iwo anandiyang'ana kaye. Sikunali kuyang'ana kwa mkwiyo, kunali ngati munthu amene waima pakhomo kukudikira kuti utuluke. Ine ndinayang'ana zala zanga.

"Pulani ndinasaina ndine," anatero. "Ndinkayenera kukana kuyamba ntchito ndisanayeze ndekha."

Mwezi usanathe anawachotsa ntchito. Akuluakulu analemba kuti kuphatikiza mafayilo a mapulogalamu osiyana n'koopsa, ndipo kabuku kobiriwira kanaikidwa m'kabati. Anthu anayambanso kugogoda pa kachipinda kanga. Ndinapeza chimene ndinkafuna, ndipo chinkandiwawa tsiku lililonse mpaka ndinapuma. Pa phwando londitsanzika bwana anati ndine chitsanzo cha kukhulupirika, ine n'kulandira wailesi. A Waliwa sanabwere ku phwandoko.

Chaka chachisanu nditapuma

Mwezi wa Okutobala wapitawu ndinapita pa Chitakale kukagula mbewu. Ndikudutsa pa siteji ya minibasi ndinamva munthu akuti, "A Namalawe!" Anali Mayi Sitima, imvi zitayamba, atanyamula thumba la zinanazi. Anandiuza kuti ali ndi kashopu ka zipangizo za mipope ku Limbe, ntchito ya uinjiniya sanaipezenso chifukwa nkhani ija inkawatsogolera kulikonse. Ankalankhula mosadandaula, akundifunsa za mayi anu ndi za inu. Ndinawapempha kuti tikhale pa benchi ya pa golosale, ndipo ndinawauza zonse: miyala iwiri, mawu ofiira, timabokosi.

Anandisiya mpaka ndinamaliza.

"Ndinkadziwa, a Namalawe."

"Munadziwa liti?"

"Tsiku lachiwiri mpopi utakana. Ndinapita ku inteki zonse ziwiri wapansi, ndinaiona miyala yanu. Nditabwerera ndinatsegula mafayilo. Mwaiwala kuti muyezo uja unkafunsa zinthu zitatu? Chachitatu chinali chakuti walowetsa ndani. Dzina lanu linalipo, tsiku ndi ola lomwe."

Ndinafunsa chifukwa chimene sanaonetsere akuluakulu aja. Pepala limodzi likanawapulumutsa, ndiponso likanasonyeza kuti kabuku kawo kankagwira ntchito.

"Ndinalisindikiza pepalalo. Loweruka ndinabwera nalo kwanu kuti tikambirane kaye awiri. Inu munali mutachoka. Ndinapeza mayi akusita zovala za mtsikana wanu, sutikesi ili yotsegula pa mkeka. Anandiphikira tiyi, akundionetsa kalata ya ku koleji, akuseka ngati mwana. Ndinabwerera nalo m'chikwama." Anakokera thumba la zinanazi pafupi ndi mapazi awo. "Koma musandiyese mngelo. M'chipinda muja ndinkayembekeza kuti munena nokha. Mukanangoyamba, ine ndikanakuikirani kumbuyo, tikanagawana mlanduwo. Ndinakuyang'anani mpaka ndinatopa."

Tiyamike mwana wanga, sutikesi imeneyo inali yako. Sindikulemba izi kuti uzimve kulemedwa, iwe sunalakwe kanthu. Koma uyenera kudziwa amene anakusungira malo ku koleji, chifukwa sindine.

Ndinapepesa. Mawuwo anatuluka ochepa, opepuka, ochedwa. Mayi Sitima anati anandikhululukira kalekale kuti iwo eni apeze tulo. Minibasi yawo itadzaza anaimirira n'kunyamula thumba lawo.

"Ine zanga zinatha. Koma kwa Mukhuna mwapitako? Mpopi uja akuti amautchula dzina langa."

Ndinapitako Lachitatu lotsatira, pa kabaza. Mpopi ulipobe pakati pa mudzi. Simenti yake sinang'ambike n'komwe, amayi amayanikapo makaka. Mapaipi ena anafukulidwa, ena akadali pansi. Ndinafunsa mayi wina wodutsa kuti pano ndi pati, anati, "Pa Sitima." Anati ndi mmene amanenera chinthu chilichonse cholonjezedwa chimene sichifika. Mwamuna akalonjeza chitenje osagula, amati wagula cha pa Sitima.

Anandilozera kwa Anagama, mayi wachikulire amene ankatsogolera amayi pa nthawi yokumba. Ndinawapeza akutuluka pakhomo ndi ndowa ziwiri zopanda kanthu, poti inali nthawi ija mipopi yakale imakhala itauma. Ndinavula chipewa, ndinadzitchula dzina, n'kuwafotokozera mmene ndikanathera. Ndinati mayi uja sanalakwe. Ndinati wonama ndinali ine, ndipo ndinkaonerera anthu a m'mudzimo akukumba ndikudziwa kuti manambala ndi olakwa. Ndinati ngati mpopiwo uyenera kukhala ndi dzina, likhale la Namalawe.

Anagama anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu.

"Ndakukumbukirani. Munkayenda m'mbali mwa ngalande ndi ambulera." Anatambasula dzanja lamanja, chala chimodzi chinali chopindika. "Ichi unandiswa ndi mwala pa gawo langa. Nde mwabwera ndi madzi?"

"Ayi, mayi."

"Nanga mwabwera ndi chani?"

"Ndabwera kudzanena zoona."

"Zoonazo tazimva. Dzina tisintha, silivuta, amayi ndiwauza pa mtondo." Anatola ndowa imodzi n'kundipatsa. "Mwati ntchito yanu inali yoyeza mitunda, eti? Tiyeni mukayeze uwu."

Tinatsetsereka limodzi mpaka kudambo, kumene anakumba kachitsime mumchenga. Anatunga ndi chikho pang'onopang'ono kuti matope asavunduke, n'kudzaza ndowa zonse ziwiri. Yawo anasenza pamutu. Yanga ndinaigwira pamanja, madzi akutayikira m'nsapato. Ana anga, mukadzadutsa kwa Mukhuna n'kumva anthu akuti pa Namalawe, musadzakwiye ndipo musadzawakonze. Dzinalo lili pamalo pake.

Pa chitunda chobwerera kumudzi ndinapumira kanayi. Anagama, amene ndi aakulu kwa ine, sanapumire ngakhale kamodzi, ndipo sanacheuke.